Denga la Nkhono ya a Chalor

Aliyense wodutsa kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Sila At nthawi ya dzinja ankamuona mdala wina atagwada pamwamba pa galimoto yoyera, botolo la guluu lili m'manja, milomo ikugwedera ndi mawu osayenera kumveka pafupi ndi ana. Amenewo anali a Chalor. Kwa zaka zinayi anthu a mumsewu umenewo anazolowera kuwapatsa moni atakweza khosi.

A Chalor anagwira ntchito ku njanji zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ntchito yawo inali imodzi basi: madenga a mabogi a sitima. Bogi likabwera likudontha, ankalikwera osavala nsapato, n'kuyenda pamwamba pake pang'onopang'ono, ndipo phazi lokha linkawauza pamene pafewa. Anzawo ankati madzi amawaopa a Chalor. Iwo sankatsutsa. Munthu wake anali wotero, wosalankhula zambiri koma wokonda kutamidwa, ndipo mukawatama ankangokanda khutu ngati sanamve.

Akazi awo, mayi Bunruen, kwawo kunali ku Nan, kumapiri kumene njanji sifika. Imeneyi ndiyo inali minga ya banja lawo. Mwamuna wa ku njanji, wokwera sitima mwaulere, koma chaka chilichonse ankapita kwa apongozi pa basi, madengu a zipatso za langsat ali pamiyendo, khosi litauma ndi kukhotakhota kwa msewu. Akangotsika, azichemwali a mayi Bunruen ankawalandira ndi funso lomwelomwelo.

"Alamu, sitima yanu ija mwaisiya pati?"

A Chalor ankaseka nawo, koma mumtima zinkawadya. Chaka china ali m'basi pobwerera, anauza akazi awo kuti tsiku lina adzafika ku Nan pa galimoto yawoyawo, yokhala ndi bedi, ndipo azichemwaliwo adzapempha okha kuti alowe aone. Mayi Bunruen anangoti, "Tamva, bambo," n'kupitiriza kusenda chipatso.

Atapuma pa ntchito anaigula ndithu. Inali galimoto yakale yochokera ku Japan, ya nyumba kumbuyo, zaka zake zopitirira makumi awiri. Inali ndi kakhitchini, kachimbudzi kofanana ndi kabati, ndi bedi la m'mwamba lomwe linatulukira kutsogolo, pamwamba pa mutu wa woyendetsa. A Sanoh, mnzawo wa ku njanji amene tsopano ankaotcha nkhuku tsidya la msewu, anaizungulira kawiri tsiku limene inafika, n'kuitcha Nkhono. Ati chifukwa yasenza nyumba yake, ndipo sikuoneka kuti ili ndi changu chopita kulikonse. Dzinalo linamata kuposa guluu aliyense amene a Chalor anagulapo.

Galimoto yatsopano pakhomo siyenda isanadalitsidwe. Anapita nayo kukachisi kwa Luang Ta Phuang, mmonke wokalamba wa chipembedzo cha Buddha amene anawameta a Chalor mutu ali mnyamata, pamene anakhala miyezi itatu m'kachisi asanakwatire. Nkhalambayo inakwera movutikira, anthu awiri ataigwirira. Inayang'ana uku ndi uku kufuna malo okwera kuposa onse, ndipo inasankha siling'i ya pamwamba pa bedi la m'mwamba. Inaviika chala mu ufa woyera wonyowetsa, n'kudinda madontho ake ndi kamzere kopindika pamwamba, ikunong'ona mapemphero. Madzulo a tsiku lomwelo mayi Bunruen anati kachifaniziro ka Buddha kakhale pomwepo, pafupi ndi madonthowo, pamwamba pa mitu ya anthu onse. A Chalor anasema kathabwa, n'kukapachika ku siling'iyo ndi masikulufu awiri a m'chitini chawo cha ku njanji. Anakagwedeza ndi dzanja, kanali nganganga. Chaka chotsatira Luang Ta Phuang anamwalira, ndipo madontho ajawo anasanduka chinthu chimene palibe akanadindanso.

Mvula yoyamba ya mwezi wa Meyi itagwa, a Chalor anapeza matiresi a bedi la m'mwamba atanyowa pakona. Anaseka. Kwa iwo imeneyi inali ntchito ya m'mawa umodzi, tiyi asanazizire.

Koma panali vuto limodzi. Phazi la munthu silikwera pamwamba pa chinthu chopatulika. Kachifaniziro kaja ankatha kukatsitsa n'kukakaika m'nyumba asanakwere padenga, ndipo ankatero nthawi zonse. Madontho a Luang Ta okha sakanatsitsika. Choncho pamwamba pa denga a Chalor anajambula mzere ndi choko, kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Kumbuyo kwa mzerewo ankayenda, kugwada, kupala ndi kumata monga mwa kufuna kwawo. Kutsogolo kwake, kachigawo kokula ngati mphasa, sanapondepo ngakhale tsiku limodzi. Kumeneko ankafikirako ataima pa makwerero cham'mbali, burashi atalimangirira ku nsungwi, akupaka guluu mongoyerekeza ngati munthu wodyetsa galu wolusa.

Phazi lija lodziwa madenga linafufuza paliponse, kupatula pamenepo.

Chaka choyamba anamata zenera la padenga. Inadontha. Anaimba mlandu anthu a ku Japan, kuti anapanga galimoto ya dziko la chisanu osaganizira mvula yeniyeni. Chaka chachiwiri anachotsa zitsulo zonse za m'mphepete, kumbuyo kwa mzere wa choko, n'kuzimatanso chimodzichimodzi. Inadontha, ndipo nthawi imeneyi madzi anatulukira pafupi ndi getsi, kutali ndi pamene anayambira. Anaimba mlandu munthu amene anawagulitsa galimotoyo. Chaka chachitatu anayesa guluu woyera, guluu wakuda, nsalu ya phula yomatira malata, ndi penti wina wokhuthala amene wogulitsa analumbira kuti amamatira maboti. Denga linafika pooneka ngati bondo la mwana wosewera mpira, chipsera pa chipsera. Inadonthabe. Anaimba mlandu onse ogulitsa guluu m'chigawo chonse cha Uttaradit, ndipo ena anawatchula ndi mayina.

Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri n'choti njira yopezera podontha ankaidziwa bwino. Pamafunika anthu awiri. Wina amakwera ndi paipi ya madzi n'kumathira pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, wina amagona mkati n'kumayang'ana. Koma a Sanoh anali ndi chiuno chosakwera makwerero, komanso maso osaona dontho. Mayi Bunruen anakana asanamalize n'komwe kupemphedwa.

"Ine ndikwere pamwamba pa dzanja la Luang Ta? Ine munthu wamkazi, ndi nsalu yangayi? Bambo, mutu wanu ukuyenda bwino?"

"Ndiye lowani mkati muziyang'ana, ine ndithire."

"Muthira mutaima pati? Si paja pomwe simupondapo?"

A Chalor anayesa okha. Ankakoleka paipi ku nsungwi, kutsegula mpopi, n'kuthamangira mkati. Paipi inkaterereka, madzi n'kumathirira maluwa a anansi. Tsiku lina inawathira iwo eni m'khosi, a Sanoh ndi makasitomala awo akuonerera.

"Achimwene!" anafuula a Sanoh, akukupiza makala. "Lero mwapeza podontha! Ndi pa malaya anupo!"

"Otchani nkhuku zanuzo, zikupserera."

"Zanga zimapsa n'kudyedwa tsiku lomwelo. Yanuyo mwaiphika zaka zitatu, ipsa liti?"

Kuchotsa siling'iyo mkati kuti aone kuseri kwake, imeneyo inali nkhani yosayambika. Kathabwa kake kanali kopyapyala, komatidwa ndi guluu wa kufakitale, ndipo kakanatha kuthyoka pakati pa madontho aja. Mayi Bunruen anati tsiku limene a Chalor adzalowetse mpeni pamenepo, iwo sadzakweranso galimotoyo. Kunena zoona, a Chalor nawonso ankaopa. Akayang'ana madonthowo ankaona chala chonjenjemera cha nkhalamba imene inawameta mutu.

Musaganize kuti Nkhono inali yakufa. Injini a Chalor ankaisamala ngati mwana wakhanda. Mafuta ankasintha pa nthawi yake, mabuleki anakonza okha, firiji imene inapsa anaichotsa n'kuika ina. Loweruka lililonse ankailiza n'kuizungulitsa mpaka kumsika. Koma mkati munkanunkha nguwi, matiresi ankakhala ali padzuwa, ndipo nyengo yopanda mvula ikafika a Chalor ankakhala atang'amba china chake pokonzekera mvula yotsatira. Ku Nan ankapitabe pa basi.

Mwana wawo Wirat, amene ankagwira ntchito ku Phitsanulok, zinamukwana. Anapeza munthu wina wofuna kuigula kuti aiimike m'mbali mwa msewu, aiboole zenera lalikulu, azigulitsiramo khofi.

"Bambo, muli ndi zaka sikisite seveni," anatero pa foni. "Tsiku lina mudzagwa padengapo. Munthuyu akuti kudonthako alibe nako ntchito, adzaimangira malata pamwamba."

"Malata! Pamwamba pa galimoto yanga?"

"Galimoto imayenda, bambo. Imeneyo ndi khola."

A Chalor anadula foni. Madzulo amenewo mpunga sunawalowe.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera ku Nan. Mvula ikatha, kachisi aliyense amalandira kathin, mwambo wopereka mikanjo yatsopano kwa amonke, kamodzi kokha pachaka, ndipo banja limodzi ndilo limatsogolera. Mayi Bunruen analembetsa dzina lawo kukachisi wa kumudzi kwawo zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, mayi awo akadali moyo. Tsopano nthawi yawo inali itakwana. Iwo ndiwo akayende patsogolo pa gulu, mikanjo ili m'manja, mudzi wonse uli m'mbuyo mwawo ndi ng'oma.

Anawauza amuna awo ali pakhonde, akusankha ndiwo zamasamba, osakweza mawu.

"Bambo, kathin ndi pa mapeto a Okotobala. Munandilonjeza muli m'basi, ine sindinaiwale. Ngati Nkhono ikatifikitse ku Nan chaka chino, ikhale. Ngati sitero, ndamuuza Wirat kuti wa khofi uja abwere. Ndatopa kukhala ndi mwamuna amene ndimangomuona kuphazi."

Miyezi itatu yotsatira a Chalor anagwira ntchito ngati munthu wolipidwa. Anapala zomata zonse zakale kumbuyo kwa mzere wa choko mpaka chitsulo chinawala, n'kuyambiranso. Kutsogolo kwa mzere anapakako penti wa maboti uja katatu ndi nsungwi yawo. Mawondo anatupa, zala zinasupuka. Kenako kunagwa mvula ziwiri zowaza, ndipo matiresi anakhala ouma. Anadikira yachitatu. Ouma. Anaoloka msewu n'kugula nkhuku yathunthu kwa a Sanoh, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Iii, kwagwanji?" anafunsa a Sanoh.

"Yatha."

"Yatha kudontha, kapena mvula ndiyo yatopa?"

"Ndati yatha. Ndikulankhula ine Chalor."

Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, mayi Bunruen anayamba kulongedza. Mikanjo ya kathin inali itakhala mwezi wathunthu pamalo opempherera m'nyumba, ndipo anansi onse anali atabwera kudzaigwira ndi kuikweza pamphumi kuti nawonso akhale ndi gawo pa mphatsoyo. Chinthu chotero sichiikidwa pansi, kapena pampando pokhala anthu. Malo ake m'galimoto anali amodzi okha, okwera kuposa onse: bedi la m'mwamba. Mayi Bunruen anaima pakhomo la Nkhono, mtolo uli m'manja.

"Bambo, mukunenetsa kuti ndi pouma?"

"Mayi, zaka sate folo ndili pa madenga."

Anaiika pamenepo.

Masana a tsiku lotsatira, onse awiri ali kumsika kogula zotsala, kumwamba kunada bii, ndipo kunagwa chimvula cha mphepo, chija chomaliza chimene chimabwera anthu atayamba kale kunena kuti dzinja latha. Anabisala pa shopu ya nsalu pafupifupi maola awiri. A Chalor ankangoyang'ana madzi akusefukira mu ngalande.

Atafika kunyumba mayi Bunruen anakwera okha m'galimoto. Anatsika ndi mtolo uja. Pepala lokutira linali litafewa, ndipo pa mkanjo wapamwamba panali banga lalikulu lofiirira, la madzi odutsa m'thabwa lowola ndi dzimbiri. Linalowerera mpaka mkanjo wachitatu.

Akanakalipa zikanakhala bwino. Sanakalipe. Anakhala pa sitepe ya khonde, mtolo uli pamiyendo, akusisita bangalo ndi chala chachikulu ngati lingachoke. A Chalor anaima pamvula yowaza, manja ali lende, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zinayi anasowa womuimba mlandu.

"Mawa ndikagula ina," anatero mayi Bunruen. "Koma imeneyo sanaigwire anthu. Wirat adzanditenga pa galimoto yake. Inu khalani ndi Nkhono, mkazi wanuyu, mutsanzikane bwino. Wa khofi abwera Lolemba."

"Ndipita nawo ku Nan."

"Mukatani? Mukayankhe za sitima?"

Lachisanu m'mawa Wirat anabwera. Anapereka moni kwa bambo ake mwaulemu, osayang'ana ku Nkhono, n'kunyamula katundu. Galimoto itakhota pakona, a Chalor anatsala pabwalo okha. Tsidya la msewu a Sanoh anangoweramira makala awo, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa chipongwe.

A Chalor anakwiya. Anakwiyira galimoto, mvula, dziko la Japan, ndi zaka zinayi za mawondo awo. Mumtima anati popeza Lolemba munthu wa khofi adzaboola chilichonse ndi sowo yake, madontho a Luang Ta adzathera kudzala. Kuli bwino awachotse iwo eni ndi manja aulemu. Ndipo asanaipereke, ayenera aone ndi maso awo chimene chawazunza chonchi.

Anasamba m'manja, navala malaya oyera. Anakwera pa bedi la m'mwamba chogwada, anayatsa zofukiza zitatu, n'kuwerama katatu.

"Luang Ta, mundikhululukire. Si chipongwe ayi. Ndatopa."

Anatsitsa kachifaniziro n'kukakaika m'nyumba. Kuti siling'i ichoke, kathabwa kopachika kaja kanayenera kuyamba kuchoka. Sikulufu yoyamba inatuluka bwinobwino, yowala ngati yatsopano. Yachiwiri inalimba. Anaikakamiza, inalira, n'kuyamba kuzungulira. Inatuluka, n'kumatulukabe, yaitali ngati chala, yofiira ndi dzimbiri kuyambira kumutu mpaka kunsonga. M'mbuyo mwake munatsatira timadzi takuda, n'kuwatsikira m'dzanja mpaka m'chigongono.

A Chalor anaika diso pa kabowoko. Kumapeto kwake kunkaoneka kuwala kwa dzuwa, kochepa ngati diso la singano.

Anakhala pansi pa bedi lonyowalo, sikulufu ili m'manja. Ankaidziwa. Inali ya m'chitini chawo, ya mabogi, yopangidwira matabwa okhuthala ngati mkono. Denga la Nkhono linali lopyapyala: kathabwa, thonje louma pakati, ndi chitsulo chonga cha chitini cha mkaka pamwamba. Yoyamba ija inalowa mopendekera n'kuthera mu mtanda wa denga. Yachiwiriyi inadutsa zonse n'kutulutsa nsonga kunja. Anaiboola okha galimoto yawo, tsiku lomwe inadalitsidwa, ndi dzanja lomwe linkatamidwa ku njanji. Ndipo anaiboola pakati penipeni pa kachigawo kamene phazi lawo silikanapondapo. Penti yense amene ankapaka ndi nsungwi ankangokhala pamwamba pa fumbi ndi ndere, n'kusweka dzuwa likawomba.

Anatukwana mokweza, mawu amene sanawatchulepo chichokereni ku njanji. Kenako anakumbukira pamene ali, n'kupepesanso kwa Luang Ta.

Siling'iyo anaichotsa tsiku lonse, ndi mpeni wopyapyala, pang'onopang'ono, akupuma ngati munthu wosenza mazira. Inachoka yathunthu, madontho onse ali bwinobwino. Anaikulunga mu nsalu yoyera, anainyamula pamwamba pa mutu, n'kukaiika pamalo opempherera m'nyumba. Kuseri kwake kunali zomvetsa chisoni. Mitanda iwiri inali itawola moti chala chinkalowa, ndipo njira ya madzi inkaoneka bwino, mmene ankayendera mu mtanda n'kukatulukira kutali, kumene iwo ankawasaka.

Loweruka m'mawa anavula nsapato, anakwera padenga, n'kudutsa mzere wa choko. Atangoponda kawiri phazi linawauza. Panali pofewa, poonekeratu, pamene akanapapeza m'mawa umodzi tiyi asanazizire.

A Sanoh anaoloka msewu ndi ntchafu ya nkhuku ndi mpunga womata m'kathumba, n'kuima m'munsi.

"Achimwene, mwaponda pa Luang Ta?"

"Luang Ta ali m'nyumba."

"Ndiye mwampeza wakubayo?"

A Chalor anatulutsa sikulufu ija m'thumba n'kuwaponyera. A Sanoh anaitembenuza, anaiyang'anitsitsa, ndipo monga munthu wa ku njanji anaizindikira nthawi yomweyo. Anatsegula pakamwa, nthabwala itafika kale pa lilime. Anayang'ana nkhope ya mnzawo, n'kuimeza.

"Tsikani mudye kaye," anatero.

Masiku awiriwo a Chalor anapala, anatsuka, anadula kachigamba ka chitsulo n'kukamata ndi kukakhomerera monga ankachitira pa mabogi. Anachotsa mitanda yowola n'kusema ina. Pamene ankasema, ankadziwa kuti ku Nan ng'oma zikulira, ndipo akazi awo akuyenda patsogolo pa mudzi wonse, atanyamula mikanjo yogula mothamanga, pambali pawo palibe mwamuna. Ntchito inayenda bwino kwambiri, ndipo zimenezo zinangowonjezera kuwawa.

Lamlungu madzulo dzuwa lisanalowe, Wirat anawatsitsa mayi ake pageti n'kupitirira. Mayi Bunruen analowa m'nyumba, ndipo a Chalor anamva mapazi awo ataima pamalo opempherera. Anaima nthawi yaitali. Atatuluka, anawapeza amuna awo atakhala pa sitepe.

"Mwaichotsa."

"Sinathyoke."

"Ndaona."

A Chalor anatambasula dzanja. Anali atakonza mawu ambiri, koma anatuluka ochepa.

"Si a ku Japan, mayi. Si guluu. Ndi iyi. Ndinaikhoma ndine, tsiku lija la kathabwa. Inaboola denga."

Mayi Bunruen anaitenga sikulufuyo, naiyang'ana, nayang'ananso amuna awo.

"Zaka zinayi, bambo."

"Zaka zinayi."

"Achemwali anafunsa za inu. Ndinati mwadwala mawondo. Ndanama pa tsiku la kathin yanga." Mayi Bunruen anaifumbata sikulufuyo. "Mndandanda wa kukachisi wadzaza zaka khumi ndi ziwiri. Ine sindidzayendanso patsogolo."

Kenako mayi Bunruen anatembenukira ku Nkhono.

"Ndiye pano mwakonza?"

"Ndakonza."

"Munateronso sabata yatha."

Anayang'ana kumwamba onse awiri. Kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo kamphepo kozizira ka kumpoto kanali katayamba. Mvula inali itapita mpaka Meyi. Kwa zaka zinayi inkabwera osaitanidwa, ndipo tsiku limodzi lokha limene a Chalor ankaifuna kuti iwachitire umboni, kunalibe. Wa khofi anali kubwera m'mawa mwake.

Mayi Bunruen anaika sikulufu ija m'thumba la bulauzi. Anapita kumpopi, anakoka paipi, n'kuima pansi pa makwerero. Anakwinya nsalu yawo n'kuimanga pakati pa miyendo ngati munthu wopita kukaoka mpunga.

"Luang Ta ali m'nyumba, eti?"

"Ali m'nyumba."

"Ndiye mukudikira chiyani? Gwirani makwererowa ndikwere, kenako mulowe mukagone."

Anakwera pang'onopang'ono, sitepe imodzi mapazi awiri, akudandaula za chiuno. Tsidya la msewu a Sanoh anasiya kukupiza makala. A Chalor analowa, anakwera pa bedi lopanda matiresi, n'kugona chagada, nkhope ili pafupi ndi mitanda yatsopano. Madzi anayamba kugunda pachitsulo, pamwamba penipeni pa chigamba. Anayatsa tochi. Anayendetsa chala m'mphepete mwa mtanda, n'kuchiyang'ana. Anadikira, n'kuyendetsanso.

"Ikudontha?" anafuula mayi Bunruen.

"Ayi!"

"Musandinamize, bambo!"

"Thiranibe! Sunthirani kumanzere!"

Anathira mpaka mkono unatopa, anasintha dzanja, n'kuthirabe. Bwalo lonse linasanduka matope. Chala cha a Chalor chinkabwerabe chouma.

Kenako madzi analeka. Anamva makwerero akulira, kenako mapazi pakhomo la galimoto. Mayi Bunruen anasuzumira, bulauzi itanyowa, tsitsi litamata pamphumi. Anakweza dzanja lawo n'kupapasa okha mtandawo kuchokera uku mpaka uko, kenako anayang'ana chikhatho chawo.

"Muimbireni Wirat," anatero. "Wa khofiyo akafune khola lina."

A Chalor anadzuka mofulumira mpaka anagunda mutu ku mtanda.

"Ndiye ku Nan tinyamuke liti? Mawa lomwe ndikhoza..."

"Ku Nan ndachokako lero," anatero mayi Bunruen, akufinya m'mphepete mwa nsalu yawo. "Kumene ndinkafuna kufika pa galimotoyi kunali dzulo."

Anatsika n'kupita kukatseka mpopi. A Chalor anatsala atakhala pa bedi la m'mwamba, tochi ikuyakabe m'manja, pansi pa denga louma.